Charlton, mkazi amene anagwedeza Glasgow

Pa 3 Marichi 2024, mu Emirates Arena ku Glasgow, Devynne Charlton anathamanga mamita 60 akudumpha timipanda tisanu m'masekondi 7.65 okha. Padziko lonse panalibe mkazi amene anali atafikapo pa liwiro limeneli.

Komatu golideyu sanabwere lero ndi lero. Mu 2022 Charlton anathera pa nambala 2 kawiri: ku Belgrade, kenako ku Birmingham, komwe anagonja kwa Tobi Amusan wa ku Nigeria. Kwawo ndi ku Bahamas, koma luso analinolera pasukulu, ku yunivesite ya Purdue ku America. Mu 2025 anatenganso golide ku Nanjing.

Ife a m'mafamu kuno, aphunzitsi akasankha atsikana athu kuti akathamange, tisawaletse n'kumati azilera ang'ono awo. Tiwalole apite.