Chakudya cha Ana a Sukulu Chichokere M'minda Yathu

Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma la Zambia linachotsa malipiro m'sukulu zake, ana achuluka m'makalasi. Koma mwana wanjala sagwira zimene aphunzitsi akunena. N'chifukwa chake Unduna wa Zamaphunziro uli ndi ndondomeko ya Home Grown School Meals, yomwe cholinga chake n'chakuti chakudya cha ana, monga chimanga, nyemba ndi khobwe, chizigulidwa kwa alimi apafupi.

Abale ndi alongo, msika umenewu ukufuna mlimi wodziwa kusunga zokolola. Timakolola mu Epulo ndi Meyi, koma ana amadya matemu onse atatu, ndipo temu ya Januwale imagwa m'miyezi ya njala. Choncho umitsani chimanga mpaka chinyezi chitsike kufika pa 12.5 peresenti, muyezo womwe FRA imafunanso. Tayani chonse chachuku, pakuti chuku chimabweretsa poizoni wowononga chiwindi. Sungani m'matumba a PICS, momwe anankafumbwe amafa posowa mpweya.

Mlimi mmodzi sangadyetse sukulu yonse. Inu a kuno ku Itawa, lembetsani kopaletivu, sonkhanitsani zokolola pamodzi, ndipo mukafunse ku ofesi ya DEBS ku Ndola za njira yogulitsira chakudya m'sukulu.