Bougainvillea safuna dzanja lamwayi

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma, mipanda yambiri ya ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe imakhala psuu ndi maluwa a bougainvillea. Kwawo kwa mtengowu ndi ku South America. Philibert Commerson, katswiri wa zomera wa ku France, adaupeza ku Brazil m'zaka za m'ma 1760, n'kuutcha dzina la mkulu wa ulendo wawo wapanyanja, Louis Antoine de Bougainville. Ambiri amaukhumba pakhomo, koma nthambi yodula imene abzala ikawaumira kawiri amagwa ulesi n'kumati, "Ine ndilibe dzanja la maluwa." Zimandiwawa kumva mawu amenewa, chifukwa chimene chapha nthambiyo chimakhala chodziwika.

Choyamba ndi kukula kwa nthambi. Anthu amati chinthambi chachikulu, chamasamba ambiri ndi maluwa ake omwe, ndicho chimagwira msanga. Koma nthambi yodulidwa ilibe mizu yomwera madzi, pamene tsamba lililonse likupitiriza kutaya madzi. Imafota isanayambe n'komwe. Yoyenera ndi ya msinkhu wa pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, imene yayamba kukhwima koma sinakalambe. Dulani mmunsi pang'ono mwa mfundo ndi mpeni wakuthwa, chotsani maluwa onse, musiye masamba awiri okha pamwamba. Amene adabzalapo chinangwa akudziwa kuti phesi lili ndi kumutu ndi kutsinde. Pano n'chimodzimodzi: mukaizondotsa, musayembekezere kanthu.

Ena amadzaza chubu ndi manyowa kuti nthambi "idye". Idya ndi chiyani ilibe mizu? Manyowa amasunga madzi, ndipo bala la podulapo limawola, khungwa n'kuda bii, n'kumasupuka mukalikhudza. Mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono ndiwo wabwino, chifukwa madzi amadutsa ndipo mpweya umalowa. Ikani machubu pamthunzi, vundikirani ndi pepala la pulasitiki loonekera mkati kuti chinyezi chisathawe, ndipo thirirani pokhapokha mchenga ukayamba kuuma. Ufa wothandiza kutulutsa mizu wa m'masitolo a zaulimi umathandizadi pa mtengowu, ngakhale nthambi zina zimagwira popanda iwo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi mizu imachedwa kwambiri.

Pamene ambiri amapusitsidwa ndi apa. Pakapita masabata awiri kapena atatu, timasamba tanthete timatuluka pamfundo, mwini wake n'kusangalala kuti yagwira. Amaizula kuti aone, kapena kuiwokera pabwalo tsiku lomwelo. Chonsecho timasambato tatuluka ndi chakudya chimene chinali kale m'nthambimo, pansi palibe muzu ndi umodzi womwe. Bougainvillea amatha miyezi iwiri, mwina itatu, asanazike bwino. Dikirani mpaka timizu toyera tisuzumire pa mabowo a pansi pa chubu. Mizu yake ndi yopyapyala, yosachedwa kuduka, choncho powokera ng'ambani chubucho, dothi lipite lonse osagumuka.

Za kudulira nazo zili ndi mantha ake. Akuti mukaudulira mwataya maluwa. Zoona zake n'zakuti maluwa amabwera pa mphukira zatsopano, ndiye mtengo wosaduliridwa umangotaya zikoti zazitali zaminga, maluwa ali kunsonga kokha. Duliranitu maluwa akangoyoyoka, kuti mphukira zichuluke. Cholakwika ndi kumameta mpanda sabata ndi sabata, chifukwa mukuchotsa nsonga zimene zikadachita maluwa. Minga yake imabaya kwambiri, valani zoteteza m'manja.

Ndipo zofiira zimene timazitcha maluwazo ndi masamba osandulika. Duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakati, kawirikawiri timakhala titatu.

Mtengo ukakana kuchita maluwa, anthu amathamangira yureya, poti pa chimanga ndiye feteleza wobereketsa. Yureya ali ndi nayitirojeni wokwana 46 peresenti, ndipo ntchito ya nayitirojeni ndi kukulitsa masamba. Mukaonjezerapo kuthirira tsiku ndi tsiku, mupeza chitsamba chobiriwira mochititsa kaso koma chopanda duwa. Bougainvillea amafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku ndi dothi louma pakati pa kuthirira kwina ndi kwina. Ngati wanu ali pansi pa mango, muthirire motani, maluwa adzakhala owerengeka, ndipo ndi bwino kudula nthambi n'kuyambitsa wina poyera.