Giya yolemera si umboni wa mphamvu pa zitunda za ku Zomba

Ndi maboma ochepa m'Malawi muno amene amapatsa wopalasa njinga misewu yosiyanasiyana pa mtunda waufupi monga momwe lichitira boma la Zomba. Nyanja ya Chilwa ili pamalo okwera mamita pafupifupi 620 kuyerekeza ndi nyanja zikuluzikulu zamchere, mzinda wa Zomba uli pa mamita pafupifupi 900, ndipo nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yaitali kuposa zonse paphiri la Zomba, imapitirira mamita 2,000. Munthu wonyamuka mbandakucha padooko la Kachulu, pomwe pamakocheza mabwato ochokera kuchilumba cha Chisi, amayamba ndi chidikha cha minda ya mpunga, kenako amakwera pang'onopang'ono makilomita pafupifupi 30 kudzera pa Govala mpaka kukalowa mumsewu wa M3 pa Matawale, ndipo ngati miyendo ikadali ndi mphamvu angathe kupitirira mpaka ku Ku Chawe, ulendo wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera mumzinda womwe umamukweza mamita ena oposa 500. Dera lotere limafuna njinga yotha kusintha kulemera kwa mapedulo molingana ndi msewu, komabe ndi m'dera lomweli momwe mwazika mizu chikhulupiriro chakuti magiya ndi a anthu ofooka, ndipo kuti mwamuna weniweni amakwera chitunda ataimirira pamapedulo, tcheni ikulira, mitsempha ya m'khosi itatuluka.

Chikhulupirirochi chimamveka pamasiteji a kabaza, pamithunzi ya okonza njinga, ngakhalenso pakati pa achinyamata ofuna kulowa mipikisano, omwe amayenera kudziwa bwino kuposa anzawo. Wolemba danga lino, yemwe ntchito yake ndi kuphunzitsa opalasa ndi kukonza njinga, wakhala akuona zotsatira zake, ndipo imodzi mwa nkhani zowawitsa mtima ndi ya mnyamata wina wa kabaza woyenda pakati pa Jali ndi Matawale. Mnyamatayu adagula njinga yakaunjika ya magiya 21 yomwe inalibe vuto lililonse, koma anzake pasiteji atayamba kumuseka kuti akupalasa ngati mwana wasukulu, adapita kwa makaniko n'kuchotsetsa derailleur, kachipangizo kolendewera pafupi ndi gudumu lakumbuyo kamene kamasuntha tcheni kuchoka pa mzere wina wa mano kupita pa wina. Tcheni idadulidwa n'kumangidwa pa mano 42 kutsogolo ndi 14 kumbuyo, kutanthauza kuti pa magiya onse amene adalipirira adasankha kutsala ndi yolemera koposa. Patapita miyezi yowerengeka ankatsitsa makasitomala pazitunda zomwe kale ankakwera nawo, ndipo pokhala pansi ankachita kugwira mawondo.

Giya si chinthu chovuta kumvetsa, chifukwa ndi kuchuluka chabe kwa mano a chimbale chakutsogolo poyerekeza ndi mano a fuliwilo yakumbuyo. Njinga zakale zamtundu wa Humber ndi Raleigh, pamodzi ndi zochokera ku India ndi ku China zomwe zidatengera kapangidwe kake, kawirikawiri zimakhala ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, ndipo popeza gudumu lake la mainchesi 28 limayenda mamita pafupifupi 2.2 likazungulira kamodzi, njingayo imasuntha mamita pafupifupi 5.4 mapedulo akazungulira kamodzi. Njinga ya mnyamata uja, itamangidwa monga adafunira, inkasuntha mamita oposa 6, pamene giya yake yopepuka, imene adaitaya, inkasuntha mamita osakwana 2.

Kufunika kwa manambalawa kumaonekera pachitunda. Akatswiri a misewu amayeza kukwera kwa msewu ndi chimene amachitcha gradient, ndiko kuti mamita amene msewu wakwera pa mamita 100 alionse, ndipo mphamvu imene munthu akutulutsa imayezedwa m'mawati, muyeso womwe uja wolembedwa pa mababu a magetsi. Munthu wathanzi wozolowera njinga angathe kutulutsa mawati pafupifupi 150 kwa nthawi yaitali osaphulika mtima. Ngati iye pamodzi ndi njinga yake akulemera makilogalamu 85, ndipo msewu ukukwera mamita 6 pa 100, monga zimakhalira m'malo ambiri popita ku Ku Chawe, mphamvu imeneyi imamupatsa liwiro la makilomita pafupifupi 9 pa ola, kapena mamita 150 pa mphindi. Liwiroli silisintha kaya giya ndi yolemera kaya yopepuka, chifukwa kulemera koyenera kukwezedwa n'komweko ndipo phiri n'lomwelo. Chimene chimasintha ndi cadence, kutanthauza maulendo amene mapedulo akuzungulira pa mphindi imodzi: wa giya ya mamita 5.4 amazungulitsa maulendo osafika 30, pamene wa giya ya mamita 2 amazungulitsa maulendo 75. Onse awiri afika pamwamba nthawi imodzi, koma woyambayo ayenera kuponda pedulo ndi mphamvu yoposa kawiri ndi theka pa kuponda kulikonse.

Zili ngati kusamutsa chimanga kuchokera pangolo kupita munkhokwe: wina amasenza thumba lathunthu la makilogalamu 50, wina amatunga ndi ndowa n'kuyenda maulendo angapo, chimanga cholowa munkhokwe n'chimodzimodzi, koma msana wodzuka ukuwawa m'mawa mwake umadziwika. Pa njinga, chiwalo cholandira katunduyo ndi bondo, makamaka kafupa kozungulira ka kutsogolo kwake kamene madokotala amakatcha patella, komwe kamakanikizika pafupa la ntchafu nthawi iliyonse munthu akaponda bondo lili lopinda. Kukanikizikaku kumakula pedulo ikamalemera, ndipo kumakulirakulira chishalo chikakhala chotsika kwambiri, monga momwe ambiri amachiikira pofuna kuti mapazi azifika pansi ali chikhalire. Palinso nkhani ya minofu. Kuponda kolemera kumadalira kwambiri timinofu totulutsa mphamvu zambiri mwachangu koma totopa msanga, pamene kupalasa kopepuka kumasiyira ntchito yaikulu mtima, mapapo ndi timinofu topirira, zomwe zimatha kugwira ntchito tsiku lonse. N'chifukwa chake wokwera ataimirira amaoneka ngwazi pa mamita 200 oyamba, koma pofika pakati pa chitunda amakhala akukankha njinga.

Maganizo onyoza magiya sadayambire ku Zomba. Henri Desgrange, yemwe adayambitsa mpikisano wa Tour de France m'chaka cha 1903, ankadana ndi derailleur poganiza kuti imachepetsa ulemu wa mpikisano, ndipo opikisana akuluakulu adaloledwa kuigwiritsa ntchito m'chaka cha 1937, iye atasiya kale kuyendetsa mpikisanowo. Izi zisanachitike, wopalasa ankatsika patsinde pa phiri, kumasula gudumu lakumbuyo n'kulitembenuza kuti agwiritse ntchito mano a mbali inayo. Masiku ano palibe katswiri amene angaganize zobwerera kumeneko. Mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga zapamsewu utachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda mu September 2025, koyamba mu Africa, amuna adapalasa makilomita oposa 260 n'kukwera mamita oposa 5,000, ndipo aliyense amene adaonera Tadej Pogačar akupambana adaona miyendo yozungulira mofulumira ngakhale pazitunda zoopsa. Akatswiri otere amazungulitsa mapedulo maulendo 80 mpaka 100 pa mphindi, ndipo sizikumveka kuti anthu amphamvu kuposa onse padziko azisankha giya yopepuka pachitunda pamene mnyamata wonyamula mayi, mwana ndi thumba la ufa akuchita nayo manyazi.

Amene amavutika koposa ndi ogula nsomba ndi mpunga kunyanja, chifukwa ulendo wawo udakhala mozondoka: amatsetsereka m'mawa njinga ili yopanda kanthu, n'kukwera masana dzuwa litaswa mtengo, kaliyala italemedwa ndi madengu a matemba, makumba ndi milamba yowamba, kapena matumba a mpunga wa ku Likangala. Munthu, njinga ndi katundu zikaphatikizana zimafika makilogalamu 150 mosavuta, ndipo zonsezo ziyenera kukwezedwa mamita pafupifupi 300 kuti zifike mumsika wa Zomba. Msewuwo umaoneka wathyathyathya m'maso, koma dothi lofumbutuka ndi mchenga zimagwira matayala kuposa phula, ndipo m'miyezi ya May mpaka August mphepo ya mwera, yochokera kum'mwera chakum'mawa, imaomba pachidikhapo popanda chiyitchinga, kotero kuti wolunjika ku Jali ndi ku Phalombe amalimbana nayo maso ndi maso. Kugombe kwenikweniko mtunda susunga muyeso umodzi, popeza Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, imene idaphwa m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018, ndipo madzi akathawa asodzi amawatsatira, ogula nawonso n'kutsatira asodziwo pamatope ouma ong'ambikang'ambika.

Njinga ya giya imodzi ili ndi ubwino wake umene suyenera kubisidwa. Tcheni yake ndi yokhuthala ndipo imakhalitsa, ilibe kachipangizo kolendewera koti kapindike njinga ikagwa, makande a m'nyengo ya dzinja saigonjetsa msanga, ndipo zida zake zimapezeka pamsika uliwonse wa kumudzi. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2005, lidasankha kapangidwe kosavuta kotereka pa njinga zake za Buffalo, zomwe kaliyala yake idapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Vuto si kukhala ndi giya imodzi, koma kuti giya imodziyo nthawi zambiri imakhala yoyenera munthu wopanda katundu pamsewu wa phula wosakwera. Fuliwilo ya mano 20 kapena 22 m'malo mwa ya 18, pamodzi ndi timfundo tingapo toonjezera pa tcheni, imatsitsa mtunda wa kuzungulira kumodzi kuchoka pa mamita 5.4 kufika pa 4.8 kapena 4.4, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi masiku amene munthu amataya atagona ndi bondo lotupa. Otsutsa amati njingayo imachedwa pamalo osakwera, ndipo akunena zoona, koma wonyamula katundu safika n'komwe pa liwiro limene kuchedwako kumayambira.

Malangizo otsalawa ndi ongoyambira, chifukwa matupi ndi njinga zimasiyana. Chishalo chikwezedwe mpaka mwendo uwongoke chidendene chikaikidwa papedulo ili pansi penipeni, kuti popalasa ndi kutsogolo kwa phazi bondo lizipinda pang'ono chabe. Wa magiya asinthe asanafike pachitunda, osati tcheni itakungika kale, ndipo ngati akutha kuwerenga kuzungulira kwa mapedulo momasuka kamodzikamodzi, mwina giyayo yalemera. Woyamba kumene angachite bwino kuzolowera msewu wa Jali kapena wa Domasi asanayese phiri, atanyamula madzi okwanira ndi kuyenda kumanzere kwenikweni, makamaka pa M3 pomwe maminibasi ndi malole sapatsa njinga mpata. Bondo lowawa kwa sabata zingapo, lotupa kapena lokanika kuwongoka ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya makaniko. Potsika kuchokera ku Ku Chawe giya ilibenso ntchito, ndipo zonse zimadalira mabuleki, omwe pa mikombero yachitsulo sagwira bwino kukagwa mvula kapena chiperoni; wotsika azimanga onse awiri modukizadukiza asanalowe pokhota, ndipo ngati mphira zake zatha kapena katundu ndi wolemera, atsike pa njinga n'kuyenda nayo pansi monga amachitira otsitsa nkhuni paphiripo.