Ndani amalamula pa msika wa Chilenje?

Mayi wogulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa Chilenje amadziwa mtengo wa bokosi ku msika wa Soweto, amadziwa sabata imene ogwira ntchito m'boma amalandira malipiro, amadziwanso kasitomala wosabweza ngongole. Zonsezi amatha kuthana nazo yekha. Koma zimene zimagwetsa bizinesi kawirikawiri zimachokera m'maofesi amene iye sanapondemo, ndipo ndi bwino awadziwe maina.

Tiyambe ndi pamalo pamene wayala katundu wake. Lamulo la misika ndi masiteshoni a mabasi, Markets and Bus Stations Act la 2007, limaika misika m'manja mwa makhonsolo kapena mabungwe oyang'anira okhazikitsidwa motsatira lamulolo. Ku Chilenje, ndiye kuti khomo logogoda ndi Lusaka City Council. Chipani chilichonse, kaya cholamula kaya chotsutsa, sichinapatsidwe mphamvu yogawa malo kapena kutolera ndalama ya msika. Komabe anthu a mu Lusaka sanaiwale zaka zimene makada a chipani ankayenda ndi kabuku kawo m'misika ndi pamasiteshoni, malo abwino n'kumapita kwa wovala chitenje cha chipani. Atapambana chisankho cha Ogasiti 2021, Hakainde Hichilema analengeza kuti makada achoke m'malo amenewa. Mawu a mtsogoleri amathandiza, koma chimene chimateteza wamalonda tsiku ndi tsiku ndi lisiti la khonsolo. Ndalama yoperekedwa popanda lisiti siichotsa zinyalala, siikonza chimbudzi, siibweretsa madzi pampopi.

Ndipo msika ukasowa zinthu zitatuzi, lamulo lina limadzuka, la zaumoyo. Kolera itabuka mu Lusaka mu Okutobala 2017, boma la Edgar Lungu linatumiza asilikali kukachotsa ogulitsa m'mbali mwa misewu, misika ina ikuluikulu n'kutsekedwa kuti iyeretsedwe. Mu Januwale 2018 ku Kanyama kunachitika zipolowe. Kutseka kunali ndi chifukwa chomveka, anthu ankafa. Koma tomato sadikira kuti nduna itsegule msika, ndipo amene analuza mpamba wawo si amene anadya ndalama ya zinyalala.

Nthawi zina cholembera cha nduna chimasintha katundu ali pashelefu. Mu Epulo 2012 Nkandu Luo, ali nduna ya maboma aang'ono, analetsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili. Mwini kantemba amene anaoda makatoni dzulo lake anadzuka ali ndi katundu woletsedwa.

Zina zimabwera kudzera m'mitengo. Kuyambira 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kulengeza mitengo ya mafuta mwezi uliwonse, ndipo dizilo akakwera, wa galimoto yobweretsa kabichi amakweza tsiku lomwelo. Mu Januwale 2024 kunayamba msonkho wa potumiza ndalama pafoni. Chaka chomwecho chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO n'kumazimitsa malaiti pafupifupi tsiku lonse. Wometa, wowotcherera zitsulo ndi wa butchala ankagwira ntchito usiku kapena kugula jenereta.

Za mvula ndi za mafuta wamalonda sangazisinthe. Za khonsolo angathe, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti ambiri amagonja msanga. Chilenje ili m'dera la phungu wa Kabwata, ili ndi khansala wake ndiponso komiti ya chitukuko ya wadi. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo gawo lina ndi la ngongole ndi thandizo kwa magulu a amayi, achinyamata ndi makopaletivu. Pempho limayambira ku komiti ya wadi, ndipo limafuna mapepala: gulu kapena bizinesi yolembetsedwa, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku bungwe la misonkho la ZRA, ndi akaunti ya kubanki. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku bungwe la PACRA. Amayi a chilimba amene akhala akusonkherana zaka zambiri ali kale ndi gulu komanso mbiri ya kubweza ndalama. Chimene ambiri akusowa ndi kulilembetsa, n'kukaonekera pa msonkhano wa wadi.