Ndowa ndi sikelo m'misika ya kumadzulo kwa Lilongwe

Nyengo yokolola ikafika, m'misika ya Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete mumagwira ntchito miyeso iwiri. Wogula wina amakhala pansi ndi ndowa ya malita 20 ndi chigoba cha malita 5. Mnzake amapachika sikelo pamtengo, thumba n'kumalendewera pangowe. Onse awiri akufuna chimanga, soya ndi mtedza womwewo, ndipo mlimi amene wafika ndi katundu panjinga kapena pangolo ayenera kusankha kopita.

Miyeso iwiriyi siyeza chinthu chimodzi. Ndowa imafunsa malo amene katundu watenga, sikelo imafunsa kulemera kwake. Ndowa ya malita 20 yodzaza chimanga chouma mpaka pakamwa imalemera makilogalamu pafupifupi 15, n'chifukwa chake anthu amati ndowa zitatu zodzaza bwino ndi thumba limodzi. Ndowa yomweyo mukaithira mtedza wosasenda sifika ngakhale theka la kulemera kumeneko, poti makoko amatenga malo koma salemera. Kwa ndowa katundu yenseyu ndi wofanana, kwa sikelo ndi wosiyana kutali.

Ndowa ndi muyeso wotamuka. Munthu akati wagulitsa ndowa zisanu, womva ayenera kufunsa kuti ndowa ya yani, yosalaza pakamwa kapena yokhala ndi chitunda pamwamba, yothira mofatsa kapena yogwedeza kuti mbewu zikhazikike. Ya wogula nthawi zambiri imakhala yotakasuka m'mimba, ya wogulitsa imakhala yophwanyika pang'ono pansi. Abale ake a ndowa nawonso ali choncho. Mulu wa tomato umachepa nthawi ya mvula n'kukula tomato akachuluka, mtengo wake osasintha kwenikweni. Thumba la chimanga kale linali la makilogalamu 90, lero ndi la 50, pomwe la mbatata amalilumikiza pamwamba mpaka kufuna anthu awiri olinyamula. Mlimi wa ku Kabudula akati wakolola ngolo zinayi, mnansi wake amamva bwino lomwe chifukwa ngoloyo amaidziwa, koma mlangizi wofuna kulemba m'buku amayamba wakanda m'mutu.

Kilogalamu ilibe kutamuka kotere. Inayambira ku France, ndipo kuyambira 1889 dziko lonse linkatengera kachitsulo kamodzi kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris, mpaka mu 2019 pamene asayansi anaimanga pa nambala yosasintha ya m'chilengedwe. Kilo ya ku Nambuma iyenera kufanana ndi ya ku Kanengo, ya ku Johannesburg ndi ya ku London. Wamalonda amatha kugwirizana mtengo pafoni ndi munthu amene sanamuonepo, katundu asanamuone n'komwe, zomwe ndi ndowa sizingatheke.

Koma chimene mlimi amakumana nacho pamsika si kilogalamu ya m'malamulo, ndi sikelo ya munthu. Sipuling'i ya sikelo yopachika imatopa, muvi wake umatha kubwezedwa m'mbuyo usanayambe ntchito, ndipo ngakhale sikelo zamabatire zili ndi amisiri ake ozisokoneza. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa masikelo amalonda ndi kuikapo chizindikiro, komabe misika yakumidzi ndi yambiri ndipo wogula wamasiku ano amapachika sikelo m'mawa pamphambano, madzulo wasamuka. Choncho kilo ili ndi lamulo koma woiyang'anira amakhala kutali. Ndowa ilibe lamulo, koma aliyense woima pamenepo ndi woiyang'anira. Gogo amene sanapite kusukulu sangatsutsane ndi muvi wa sikelo, koma chitunda chikakula pandowa amachiona, amatambasula dzanja n'kuchisalaza. Ichi sichinthu chaching'ono, ndipo amene amanyoza ndowa kuti ndi yachikale kawirikawiri amachiiwala.

Tisadzinamize kuti chinyengo chimachokera kwa wogula yekha. Muyeso uliwonse umaphunzitsa wogulitsa njomba yakeyake. Pamene pali sikelo, ena amathira mchenga mu soya kapena kuwaza madzi mtedza kuti usendeke msanga ndi kulemera. Madziwo ndiwo oopsa, chifukwa mtedza wonyowa ukatsekeredwa m'thumba umachita chuku, ndipo poizoni wa chukucho ndi amene wakhala akutsekereza mtedza wathu misika ina yakunja. Akatswiri a ku Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, akhala akuchenjeza alimi za zimenezi kwa zaka zambiri. Pamene pali ndowa, madzi sapindulitsa kwenikweni, koma mankhusu, makoko opanda kanthu m'kati ndi chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe zimadzaza malo ngati katundu wabwino. Sikelo imagwira chimanga chofumbwa chifukwa chimapepuka, koma imalipira mchenga. Ndowa silabadira mchenga, koma imalipira mphepo.

Boma limalankhula m'makilo. Mitengo yoyambira kugulira mbewu imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka imakhala ya pakilo, ADMARC kuyambira 1971 yakhala ikugula ndi kugulitsa pasikelo, ndipo fodya wochoka m'madera amenewa akafika ku okushoni ku Kanengo belo lililonse limayezedwa, mtengo n'kutchulidwa m'madola pakilo. Mlimi wogulitsa pandowa akamva mtengo pawailesi satha kudziwa msanga ngati wapindula kapena waluza, pokhapokha atadziwa kulemera kwa ndowayo.

Mudzi umalankhula m'ndowa. Waganyu m'mwezi wa Januwale amagwirizana ndi mwini munda za chigoba kapena ndowa ya chimanga. Wobwereka kwa mlamu wake amabweza ndi ndowa yomwe anatengera, ndipo sipakhala mkangano chifukwa chiwiyacho n'chimodzi. Pamaliro mabanja amasonkha ufa m'mbale, ndipo palibe angayerekeze kubwera ndi sikelo pasiwa. Banyira nayenso amakhala kumbali ino: mayi wogulitsa nyemba akathira kadzanja kowonjezera amakhala akumanga chibwenzi ndi kasitomala, pomwe woyeza pasikelo muvi ukapitirira amatapa n'kubweza m'thumba. Apa ndingoti kutamuka kumene kumapweteka mlimi akakumana ndi mlendo ndi komweko kumene kumalola chifundo pakati pa odziwana.

Pali munthu mmodzi amene amadziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndiye venda. Amazungulira m'midzi ya kwa Kabudula ndi ndowa, akugula mosefukira pamene alimi akufuna ndalama zamsanga, kenako amakagulitsa kwa amalonda aakulu mumzinda pasikelo. Chitunda chilichonse chimene sanalipire kumudzi chimasanduka makilo ku Lilongwe. Phindu lake lina ndi lolungama, poti walipira galimoto, matumba ndi msonkho wamsika, ndipo wafika pakhomo pamene wogula wamkulu safika. Lina limachokera pa mpata wa pakati pa miyeso iwiriyi. Magulu ena a alimi amasonkha ndalama n'kugula sikelo yawoyawo, amayeza katundu asanachoke naye pamudzi, ndipo akafika pamsika amakhala ndi nambala yawo yoti aifananize ndi ya wogula.