Abusa a ku Mongolia ndi chisanu chotchedwa dzud

Ku Mongolia kuli anthu pafupifupi 3.5 miliyoni, koma mu 2022 ziweto zawo zinapitirira 70 miliyoni. Ziwetozo ndi za mitundu isanu: nkhosa, mbuzi, akavalo, ngamila ndi ng'ombe, kuphatikizapo zija zaubweya wolendewera zotchedwa yak. Eni ake sakhala m'midzi yothithikana. Banja lililonse lili ndi ger, nyumba yozungulira ya timitengo topyapyala yofoleredwa ndi ubweya wa nkhosa wosindikizidwa, ndipo limaiphwasula n'kusamuka kangapo pachaka kulondola msipu. Mkaka, nyama, ndalama ya sukulu, zonse zimachokera m'khola. Ngakhale moto wophikira umachokera komweko, chifukwa m'zidikha zambiri mulibe mtengo ndi umodzi womwe. Amasonkhera ndowe zouma, zimene amayi ndi ana amatolera n'kuunjika dzuwa likadali ndi mphamvu.

Kuzizira kokha sikuwadabwitsa anthuwa. Mu Januwale usiku umafika madigiri 30 kapena 40 pansi pa ziro, ndipo ziweto zawo zinazolowera. Chimene amaopa ndi dzud, chaka chimene kuzizirako kumabwera pamodzi ndi njala ya ziweto. Amasiyanitsa mitundu yake. Dzud yoyera ndi pamene chipale chofewa chagwa chambiri n'kukwirira udzu. Yakuda ndi pamene chipalecho sichinagwe n'komwe, zitsime ndi mitsinje zaundana, ziweto n'kusowa chonyambita kuti ziphe ludzu. Yoopsa kwambiri amaitcha yachitsulo: kumatentherako masiku angapo, chipale chimasungunuka pamwamba, kenako kumazizira mwadzidzidzi ndipo msipu wonse umatsekeredwa pansi pa chigoba cha madzi oundana. Kavalo amakumba ndi chiboda, nkhosa n'kumadya m'mbuyo mwake, koma chigoba choterocho chimacheka miyendo ndi milomo mpaka magazi kudontha. Ng'ombe, zimene sizidziwa kukumba bwino, zimangoima n'kumalira.

Ntchito ya mbusa pa masiku amenewa ndi ya manja ndi msana. Amadzuka kusanache kukadzutsa ng'ombe zimene zalephera kuimirira, wina kugwira kumutu wina kumchira, chifukwa imene yagona tsiku lonse pansi pozizira sidzukanso. Zofooka amaziveka zofunda zosokedwa kunyumba. Amapalasa chipale ndi fosholo kuti udzu uoneke, amaviika madeya m'madzi ofunda, ndipo usiku amatuluka kangapo kukabalalitsa nkhosa ndi mbuzi zimene zaunjikana pofuna kutenthetsana, poti zapansi zimafa ndi kubanika. Njala ikafika povuta ziweto zimayamba kubudulana ubweya n'kumadya. Tiana ta nkhosa tobadwa msanga amatilowetsa mu ger momwemo, pambali pa mbaula, kumene mayi wa pabanjapo amatiyamwitsa ndi botolo.

Anthu nawonso amafa, ndipo kawirikawiri imfa yake imabwera m'njira imodzi. Mphepo ya chipale ikayamba, nkhosa zimaipatsa msana n'kumangoyenda kumene ikuwombera, mtunda wautali osaima. Mbusa amazitsatira pa kavalo kapena pa njinga yamoto. Pamtunda wopanda mtengo kapena nyumba, chipale chikuuluka ponseponse, munthu saona ngakhale mutu wa kavalo wake bwinobwino, ndipo ena apezekapo atauma pafupi ndithu ndi kwawo. Amene apulumuka nthawi zina amasiya zala kapena nsonga za makutu kuchipatala. Nayonso misewu yopita ku likulu la dera (deralo amalitcha soum) imatsekeka, moti wodwala kapena mayi woyembekezera amadikira mpaka galimoto yolambula njira idzafike.

Komabe abusa odziwa ntchito yawo amati dzud imayamba m'miyezi yotentha. Mvula ikavuta mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, udzu sukula, ziweto sizinenepa, ndipo womweta sapeza chomweta. Chiweto cha ku Mongolia chimadutsa m'chisanu ndi mafuta amene chinasunga m'thupi. Nkhosa zakumeneko zimasunga ena kumchira. N'chifukwa chake luso lalikulu la mbusa limaoneka miyezi ingapo chipale chisanagwe. Ayenera kudziwa kumene kuli msipu wonenepetsa ndi nthaka ya mchere yoti ziweto zinyambite. Ayenera kusunga msipu wa pamalo ake a m'chisanu osaudyetsa msanga. Malowo amawasankha kum'mwera kwa phiri, kumene mphepo yochokera kumpoto sifika ndi mphamvu, ndipo pansi pa khola pamakhala ndowe zouma za zaka zambirimbiri zimene zimateteza ziweto ku kuzizira kwa nthaka. Zinthu zikaoneka kuti sizili bwino, amuna amatenga ziweto ulendo wautali wotchedwa otor, kukafuna msipu kudera la eni. Cha mu Novembala ndi Disembala amapha zimene banja lidzadye mpaka chisanu chithe, nyama n'kuisiya panja kuti iundane yokha. Funso lovuta ndi lakuti agulitse zingati zisanayambe kuonda.

Pamenepa ndi pamene ndikuona kuti nyengo sitingaisenzetse mlandu wonse. M'nthawi ya boma la chikomyunizimu ziweto zambiri zinali za magulu otchedwa negdel. Maguluwo anali ndi zoipa zake, koma ankasunga udzu wouma wambiri, anali ndi malole osamutsira mabanja, madokotala a ziweto ndi anthu okonza zitsime, ndiponso ankagulitsa ziweto zina ku boma chaka ndi chaka. Chiwerengero cha ziweto chinkakhala cha m'ma 25 miliyoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maguluwo anathetsedwa, ziweto zinagawidwa kwa mabanja, ndipo anthu ambiri amene ntchito zinawathera m'tauni anabwerera kukaweta, ena asakuidziwa bwino ntchitoyo. Msipu unakhalabe wa aliyense, koma udzu wosunga, lole ndi mankhwala zinasanduka mtolo wa banja palokha. Zisanu zitatu zotsatizana kuyambira 1999 mpaka 2002 zinapha ziweto pafupifupi 11 miliyoni. Cha 2009 mpaka 2010 chinapha zoposa 8 miliyoni, ndipo cha 2023 mpaka 2024 chinaphanso zoposa 7 miliyoni.

Chimene chimachulukitsa ziweto kwambiri ndi mbuzi. Pansi pa ubweya wake wolimba pali wina wofewa wotchedwa cashmere, umene amaupesa ndi chipeso chachitsulo cha mu Malichi mpaka Meyi, ndipo Mongolia ndi yachiwiri kwa China pa malonda amenewa. Kwa mabanja ambiri iyi ndiyo ndalama yaikulu ya chaka chonse. Amakongola kubanki kapena kwa ogula ubweya kuti apeze madeya, mafuta a njinga ndi zofunika pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Tsagaan Sar, n'chiyembekezo chodzabweza akapesa. Tsono mbuzi siipirira chisanu ngati nkhosa, ndipo kadyedwe kake kamaperepesa msipu. Munthu wa ngongole sangachepetse mbuzi zake. Ndiponso kumeneko, monga kwathu kuno, khola ndilo banki, ndipo mbusa wofikitsa ziweto 1,000 amapatsidwa ulemu wapadera. Kuuza munthu wotere kuti agulitse gawo lina mu Okutobala, pamene aliyense akugulitsa ndipo mitengo yatsika, n'kosavuta kwa amene ali mu ofesi yofunda.

Boma layesapo njira zingapo. Mu 2006, mothandizidwa ndi World Bank, linayambitsa inshuwalansi imene imalipira potengera kuchuluka kwa ziweto zimene zafa mu soum yonse, osachita kuwerenga za munthu mmodzimmodzi. Kuyambira 2021 pali msonkho wa pa chiweto chilichonse, umene ndalama zake zimayenera kusamalira msipu ndi zitsime. Masiku ano ger zambiri zili ndi sola, wailesi yakanema ndi foni, choncho chenjezo la zanyengo limafika msanga. Koma manja ogwira ntchito akuchepa. Ana amayamba sukulu ali ndi zaka 6, ndipo amayi ambiri amasamukira ku likulu la soum kukakhala nawo, bambo n'kutsala yekha ndi ziweto mazanamazana m'miyezi imene pamafunika anthu atatu kuti adzutse ng'ombe imodzi.

Ziweto zambiri sizifa pamene kuzizira kwafika pachimake. Zimafa mu Malichi ndi Epulo, mafuta atatha m'thupi, udzu watsopano usanamere, zazikazi zikubereka zilibe mkaka, mphepo ya fumbi ndi chipale ikubwerabe. Kukayamba kufunda, abusa ndi ogwira ntchito za boma amatolera mitembo n'kuikwirira isanawononge madzi. Amene khola lawo latheratu amapakira ger pa lole n'kulowera ku Ulaanbaatar, mzinda umene tsopano muli pafupifupi theka la anthu a m'dzikolo. Amaimanganso m'mphepete mwa mzinda, m'mapiri mopanda mipope ya madzi, n'kuyamba kufunafuna ganyu wa zomangamanga kapena ulonda, ndipo moto umene ankasonkhera ndowe zaulere tsopano amachita kuugulira malasha.