Mbiri ya Johannesburg ndi mayina osowa m'mabanja a ku Malawi

M'midzi yambiri ya m'Malawi muli mabanja amene, akamawerenga mibadwo ya makolo awo, amafika pa dzina lina n'kuima. Mwini dzinalo anapita ku Joni ndipo sanabwerenso. Anthu otere ankatchedwa matchona, ndipo nkhani yawo inalukana ndi mbiri ya mzinda wa Johannesburg.

Derali linali ndi eni ake Azungu asanafike. Ku Melville Koppies kuli ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo, pomwe ku Klipriviersberg kuli mabwinja a midzi yamipanda yamiyala ya Asotho ndi Atswana. M'zaka za m'ma 1800 Mabunu anagawana malowa kukhala mafamu, ndipo mayina ake, monga Braamfontein, Doornfontein ndi Turffontein, ndiwo mayina a madera a mzindawu lero.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1886 pamene golide anapezeka pa famu ya Langlaagte. Ofuna chuma anakhamukirako n'kumanga misasa, ndipo boma la Paul Kruger linasankha kamalo kotsala pakati pa mafamu, kotchedwa Randjeslaagte, kuti pakhale tauni. Mapuloti oyamba anagulitsidwa mu Disembala chaka chomwecho. Patangotha zaka khumi, anthu anali atakwana pafupifupi 100,000.

Migodi inkafuna manja ambiri pa malipiro ochepa, choncho eni ake anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe Amalawi ankalitchula kuti Wenela. Dzinali likadalipo pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linkatolera ku Nyasaland unakankha amuna ambiri kukasaka ndalama kunja. M'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha akumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma ena anapitabe paokha, wapansi, kudzera ku Rhodesia. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930.

Ena mwa apaulendowa mayina awo anatchuka. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919, ndipo likulu lake linadzasamukira ku Johannesburg. Hastings Kamuzu Banda nayenso anagwirapo ntchito pa mgodi wina wa m'derali ali mnyamata. Koma unyinji wa anthu unalembedwa m'mabuku a kampani ndi nambala, ndipo nthawi zina mayina ankalembedwa molakwika kapena kusinthidwa dala pofuna chiphaso.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda anaimitsa ulendo wa ku migodi. Ulendowu unayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, kapena kuti Theba, mpaka unatha m'chaka cha 1988.

Amene anatchona ena anakwatira komweko. Pamene boma la tsankho linayamba kugwetsa Sophiatown m'chaka cha 1955 ndi kusamutsira anthu ku Meadowlands, mabanja ambiri anabalalika. Lero ku Johannesburg kuli a Banda ndi a Phiri olankhula Chizulu kapena Chisotho, amene akudziwa kuti agogo awo anachokera ku Nyasaland koma mudzi sakuudziwa.

Kufufuza mizu imeneyi kuli ndi phindu looneka. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza chipukuta misozi cha 5 biliyoni randi kwa anthu amene anadwala chifuwa chachikulu kapena matenda a fumbi la m'mapapo m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019. Ndalamazi zinaikidwa m'manja mwa bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo amasiye a omwe anamwalira nawonso ali ndi mwayi wopempha. Pamafunika umboni wakuti munthuyo anagwiradi ntchito pa mgodi woyenera.

Apa ndi pamene alangizi, mafumu ndi makomiti a chitukuko angathandize. Banja likhale pansi ndi mwinimbumba komanso agogo, lilembe dzina la munthu amene anapita, mfunda wake, mudzi, mfumu yaikulu, chaka chimene ananyamuka ndi dzina la mgodi. Makalata akale, zithunzi, makhadi a Theba ndi nambala ya kuntchito zisungidwe pouma, kutali ndi chiswe. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati m'mipingo amathandiza kutsimikiza mayina ndi zaka.

Mnyamata amene anapita ku Wenela m'chaka cha 1974 ali ndi zaka 20, lero wapitirira zaka 70. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amafunika wowalemba eni ake akadali moyo.